Mafunso Anu pa Zakanema: Ndale Zimabisala Pati mu Filimu ya Munthu Wotsala Yekha M'tchire?

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza mtundu umodzi wa mafilimu, aja a munthu amene watsala yekha m'nkhalango atavulala, alibe chakudya, ndipo ayenera kudzipulumutsa. Ambiri mwatchula The Revenant ya mu 2015, choncho tiyankha potengera imeneyo. Amene simunaionere dziwani kuti tiulula mathero ake.

Nkhani yake ikuchitika mu 1823 kumtunda kwa mtsinje wa Missouri ku America. Hugh Glass, yemwe akuseweredwa ndi Leonardo DiCaprio, ndi wolondolera njira gulu la osaka zikopa. Chimbalangondo chimamukhadzula. Mnzake John Fitzgerald amapha mwana wa Glass, dzina lake Hawk, n'kumukwirira Glassyo m'dzenje akadapuma. Glass amatulukamo n'kuyamba kukwawa m'chipale chofewa ndi mtima wofuna kubwezera.

Ndimayendetsa kalabu ya zisudzo pasukulu yathu. Ophunzira a Fomu 4 agawanika: ena akuti filimuyi ndi yandale, ena akuti ndi munthu ndi chimbalangondo basi. Ndiwathandize bwanji kuti aunike okha? — Mphunzitsi, Area 25

Aphunzitsi, ana amene akuti mulibe ndale akuyembekezera kuona msonkhano, chipani kapena chisankho. Mu filimu yamtunduwu ndale zimakhala pa nthaka: tchire limeneli ndi la yani, ndipo mlendoyo wadzatengamo chiyani? Mukawapatsa funso limeneli mkangano uyamba kuyenda.

Filimuyi ndi ya mphindi 156. Aionere kawiri. Ulendo woyamba asagwire cholembera, angoimva m'thupi. Ulendo wachiwiri muidule m'zigawo za mphindi pafupifupi 30, ndipo gulu lililonse likhale ndi ntchito yake.

Gulu loyamba litsate katundu. Azunguwa sanapite kumeneko kukaona mapiri. Ankasaka zikopa za kanyama kam'madzi kotchedwa beaver, zomwe ubweya wake ankapangira zipewa za anthu olemera m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Ana alembe paliponse pamene zikopa kapena ndalama zasintha zochita za munthu. Apeza kuti pamene msasa ukuukiridwa, amuna akuthamanga ndi mitolo ya zikopa kupita kubwato anzawo akugwa. Apeza kuti Fitzgerald sasiya kudandaula za malipiro ake, ndipo akuvomera kutsala ndi Glass wovulalayo chifukwa walonjezedwa ndalama. Kusakhulupirika kwake kwabadwira m'malonda amenewa, pamene chikopa chili ndi mtengo woposa wa wantchito. Pali chithunzi china cha m'maloto a Glass choonetsa mulu waukulu wa zigaza za njati. Kupha njati kochuluka chotero kunachitika m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, patapita zaka 50 kuchokera pa nthawi ya nkhaniyi. Wotsogolera filimu, Alejandro González Iñárritu, anachiikamo, ndipo woonera amaona kumene malondawa akulowera.

Gulu lachiwiri lione pamene nkhani yayambira. Nkhondo yoyamba imene timaiona bwinobwino ndi ya eni nthaka a mtundu wa Arikara akuukira msasa. Woonera ali pakati pa azungu, mivi ikuchokera m'mitengo kwa anthu amene nkhope zawo sanazione. Mantha athu amakhala kumbali ya osaka zikopa tisanadziwe n'komwe chifukwa cha nkhondoyo. Funsani ana kuti: filimu ikanayambira m'mudzi wa Arikara, mabwato a alendo akukwera mtsinje ndi mfuti, wakuba akanaoneka ndani? Muwauzenso kuti dera limeneli dziko la United States linaligula kwa dziko la France mu 1803 pa mtengo wa madola 15 miliyoni, eni nthaka osafunsidwa.

Gulu lachitatu litsate kamera. Ndi nkhope ya yani imene ikudzaza chinsalu chonse? Ndi ululu wa yani umene tikukhala nawo nthawi yaitali? Wojambula, Emmanuel Lubezki, anayandikiza kamera kwa DiCaprio mpaka mpweya wa m'kamwa mwake kuchititsa nthunzi pagalasi. Anthu ena ambiri amafa ali chapatali, kamera n'kupitirira.

Pamene ophunzira amaphonya kawirikawiri ndi apa: amatenga mawu a mpangankhani ngati maganizo a filimu. Fitzgerald amanyoza eni nthaka ndi mawu oipa, koma filimu imamuonetsa ngati munthu wowola mtima, ndiye kunyozako si kwa filimu. Mbali inayo nayo ili ndi msampha. Mfumu ya Arikara imauza amalonda achifalansa kuti azungu awalanda nthaka ndi nyama zomwe, ndipo ana ena anena kuti basi, filimu ili kumbali ya eni nthaka. Awerenge kuti mawu amenewa atenga mphindi zingati pa mphindi 156 zija.

Inu muyambe mwaionera nokha. Ku America anaiika m'gulu la R, la akuluakulu. Muli magazi ambiri komanso chigawo cha mkazi akugwiriridwa. Pasukulu sankhani zigawo, ndipo a hedi adziwe.

Pachikuto analemba kuti nkhaniyi inatengedwa pa zochitika zenizeni. Ndi zoona? Ngati anasintha zina, zili ndi kanthu? — Wowerenga, Kawale

Bambo, Hugh Glass analikodi. Anali m'gulu la amalonda a zikopa William Ashley ndi Andrew Henry, ndipo chimbalangondo chinamuvulaza mu 1823 pafupi ndi mtsinje wa Grand, kumene lero ndi South Dakota. Anzake awiri anamusiya, anamutengera mfuti, ndipo iye anayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 320 kukafika ku linga la Fort Kiowa, ngati kuchoka kuno ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Nkhani yake inayamba kusindikizidwa mu 1825 ku Philadelphia, ndipo kuyambira pamenepo aliyense woifotokoza wakhala akuwonjezerapo zake. Filimuyi inatengera mbali ina pa buku la Michael Punke la mu 2002, lomwenso ndi nthano yomangidwa pa mbiri.

Kusintha pakokha si mlandu, filimu si buku la mbiri. Koma zimene asintha ndi zimene zimaulula maganizo a opanga filimu, choncho muzizilemba m'mizere iwiri, zochitika uku, zowonjezera uku, n'kufunsa kuti chowonjezera chilichonse chikupindulira yani.

Chimbalangondo chinamugwira chakumapeto kwa Ogasiti, nyengo yofunda kumeneko. Chipale chonse chija n'chowonjezera kuti mavuto akule. Ichi sichivulaza munthu. Glass weniweni sanaphe Fitzgerald. Anamupeza atalowa usilikali ku Fort Atkinson, anabwezeredwa mfuti yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye mwini anadzaphedwa ndi Arikara mu 1833 m'mbali mwa mtsinje wa Yellowstone.

Chowonjezera chachikulu ndi banja. Palibe umboni wakuti Glass anali ndi mwana wamwamuna wa mayi wa mtundu wa Pawnee amene anaphedwa pa ulendowu. Hawk anapangidwa ndi olemba filimu. Ntchito yake ndi iwiri. Yoyamba ndi kupatsa Glass chifukwa chomveka chobwezera, popeza woonera sangapirire maola awiri ndi theka kutsata munthu wofuna mfuti yake. Yachiwiri ndi imene ili yandale: mwanayo ndi mkaziyo amamutsuka Glass. Ali m'gulu la odzatenga za eni, koma popeza amalankhula Chipawnee ndipo banja lake linazunzidwa ndi asilikali, ife sitimuwerengeranso pamodzi ndi anzake. Woonera amatuluka akudana ndi munthu mmodzi woipa, Fitzgerald, malonda aja osakhudzidwa kwenikweni.

Onaninso chimene anachisiya. Arikara ataukira gulu la Ashley pa 2 Juni 1823, mu Ogasiti chaka chomwecho asilikali a United States oposa 200 motsogozedwa ndi Henry Leavenworth, pamodzi ndi ankhondo mazanamazana a mtundu wa Sioux, anakaukira midzi yawo. Midziyo inatenthedwa pambuyo pake. Zimenezi mu filimu mulibe.

Ine ndinaona kuti eni nthaka anawalemekeza. Akulankhula zilankhulo zawo, osewera ndi eni nthaka enieni. Mnzanga akuti ayi, anangowagwiritsa ntchito. Akunena zoona ndani? — Wophunzira wa ku koleji, Area 47

Achemwali, nonse muli ndi mfundo, koma mnzanuyo waona patali pang'ono.

Tiyambe ndi zimene mwaona inu, chifukwa si zazing'ono. Kwa zaka zambiri mafilimu a ku Hollywood ankapaka azungu utoto kuti asewere ngati eni nthaka, n'kumawalankhulitsa Chingerezi chothyokathyoka. Muno osewera monga Forrest Goodluck, Duane Howard, Arthur Redcloud, Melaw Nakehk'o ndi Grace Dove ndi ochokera m'mitundu ya eni nthaka, ndipo Chiarikara ndi Chipawnee zikumveka. Mfumu ya Arikara ili ndi cholinga chomveka kwa kholo lililonse, ikufunafuna mwana wake wamkazi Powaqa amene wabedwa. Powaqa naye sakungodikira kupulumutsidwa, amamulanga yekha ndi mpeni mwamuna womugwirira.

Tsopano tengani pepala. Lembani mpangankhani aliyense wa eni nthaka, ndipo pambali pake muyankhe mafunso anayi. Ali ndi dzina? Akufuna chiyani chake chake, chosakhudza Glass? Amalankhula ndi mnzake wa mtundu wake Glass palibe? Mapeto ake ndi otani?

Mkazi wa Glass alibe dzina ngakhale pamndandanda wa mayina kumapeto, analembedwa kuti mkazi wa Hugh Glass. Timamuona m'maloto okha, atafa kale, akunong'oneza mawu olimbikitsa mwamuna wake. Hawk amafa msanga kuti bambo ake akhale ndi chobwezera. Hikuc, mwamuna wa Chipawnee amene Glass amakumana naye panjira, amamugawira nyama ya njati, amamukweza pahatchi, amamuika mankhwala pazilonda, amamumangira kachisakasa mphepo yachisanu ikuwomba. Glass akadzuka amamupeza atapachikidwa pamtengo ndi Afalansa. Hikuc nayenso anataya banja lake, ali ndi ulendo wake, koma filimu imamusunga pokhapokha pamene akuthandiza ngwazi. Anthu atatu a Chipawnee, onse akufa, ndipo imfa iliyonse ikukankhira patsogolo nkhani ya mzungu. Apa ndi pamene mnzanu akuloza, ndipo ife tikugwirizana naye.

Chinanso chimene chimatipweteka ndi minda. Arikara, omwe amadzitcha Sahnish, anali alimi. Ankakhala m'midzi ya nyumba zadothi m'mbali mwa Missouri, akulima chimanga, nyemba ndi maungu, ndipo anali amalonda odziwa ntchito amene mitundu ina inkadzagula chakudya kwa iwo. Mbali ina ya mkangano wawo ndi azungu inali yakuti makampani a zikopa ankafuna kuwalambalala pa malondawo. Mu filimu timangoona amuna apahatchi akuyendayenda m'nkhalango. Munthu akachotsedwa munda, nkhokwe ndi mudzi pachinsalu, woonera amakhulupirira mosavuta kuti dzikolo linali lopanda mwini. Ndipo anthuwa sanathe. Nthomba ya mu 1837 inapha ambiri, damu la Garrison linamiza minda yawo m'zaka za m'ma 1950, koma lero alipo ku Fort Berthold ku North Dakota pamodzi ndi a Mandan ndi a Hidatsa.

Pa chilankhulo musamangokhutira kuti mwamva mawu achilendo. Pachigawo chimene Hikuc akumanga kachisakasa pamamveka mawu a mayi akulakatula, ndipo zinadzadziwika kuti ndi Chiinupiaq cha ku Alaska, kutali kwambiri ndi kwa a Pawnee. Kwa woonera wakunja zonse zimamveka chimodzimodzi, koma kwa eni ake ndi mitundu iwiri yosiyana.

Afalansa nawo muwaike papepala lanu. Zoipa zonyansa kwambiri, kugwirira ndi kupachika, zaikidwa pa iwo, ndipo anthu ena a ku Quebec, dera la ku Canada lolankhula Chifalansa, anadandaula nazo poyera. Filimu ikafuna kuvomera kuti azungu analakwa koma osadetsa ngwazi yake, imapeza gulu lina loti lisenze mlandu.

Ndinaionera kuvidiyo sho, yotanthauziridwa m'Chichewa. Ndingaweruze nayo? — Mnyamata, Mchesi

Achimwene, pa kusangalala ndi yokwana, pa kuunika ayi. Womasulira amalankhula pamwamba pa mawu enieni, ndiye simungamve pamene munthu wasiya Chingerezi n'kuyamba Chipawnee kapena Chifalansa, pomwe kusinthako kuli ndi tanthauzo: Glass amalankhula Chipawnee ndi mwana wake pomuchenjeza kuti akhale chete pakati pa azungu. Kawirikawiri mawu olembedwa m'munsi amakhala atadulidwa kapena osaoneka bwino, choncho womasulira amangoganizira zimene eni nthaka akunena, ndipo pofuna kuseketsa anthu amatha kuwapatsa mayina achipongwe amene mu filimu mulibe. Zigawo zachete nazo amazithamangitsa. Pezani kope ya mawu ake enieni yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi, muonere zigawo ziwiri zokha, pamene mfumu ikuchita malonda ndi Afalansa ndi pamene Glass akumana ndi Hikuc, n'kuyerekeza ndi zimene munamva kuvidiyo sho.

Tikulemba filimu yathu: mlonda wa nkhalango wochokera m'tauni wasochera ndi kuvulala ku Dzalanyama, ndipo akupulumutsidwa ndi wootcha makala. Tipewe chiyani? — Gulu la achinyamata opanga mafilimu, Biwi

Anzathu, mwasankha malo abwino, chifukwa ku Dzalanyama ndale simuchita kuzifunafuna. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, ndipo madzi a m'madamu a Kamuzu amene mzinda uno umamwa amadalira nkhalango imeneyo. Makala amene akutha mitengo amaphikira mabanja a mumzinda womwewu. Boma linafika potumizako asilikali kukateteza. Ndiye mlonda wanu ndi wootcha makala wanu amangidwa ndi chingwe chimodzi: thumba limene winayo akuotcha likhoza kukathera pambaula ya kunyumba kwa mlondayo. Onetsani thumbalo likuyenda, panjinga, pamsewu, mpaka pamsika. Mukabisa wogula, mlandu wonse ugwera wosauka wa kumudzi.

Ngozi yanu yaikulu ndi yomwe ija ya Hikuc. Khungu n'limodzi, koma munthu wa m'tauni wophunzira angathe kukhala ngwazi yokhala ndi dzina, mkazi, foni ndi maloto, wakumudzi n'kungokhala wodziwa mizu amene amatulukira pakafunika mankhwala. Yesani sikiripiti yanu motere: chotsani mlondayo pamasamba khumi, muone ngati wootcha makala akadali ndi nkhani. Ali ndi ngongole ya feteleza? Uvuni wake wa makala, umene umafuna kuuyang'anira masiku angapo kuti moto usabowole dothi n'kusandutsa nkhuni zonse phulusa, ausiya kuti anyamule mdani wake? Akamufikitsa kuchipatala amangidwa? Chisankho chovuta chili kwa iyeyo kuposa kwa wovulalayo, ndipo mwina filimu yanu ndi yake. Musamuphe kumapeto kuti mlonda aphunzirepo kanthu.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo choti muchiganizire. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo pa 1 Meyi 1873, Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao amene anamasulidwa ku ukapolo mu 1861, anatsogolera anzawo kunyamula thupi lake miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja ya Indian. Ulendo wopulumuka m'tchire woposa umenewo ndi wosowa, koma m'mabuku ambiri a sukulu anthuwa amangopatsidwa mzere umodzi.

Musajambule nkhalango ngati malo amene munthu sanapondemo. M'nkhalango zathu zambiri muli mabwinja, manda, njira zakale ndi mitengo ya mango yosonyeza pamene panali mudzi. Ku Nyika anthu anasamutsidwa pamene paki inakulitsidwa mu 1978. Ku Kasungu, kumene anapititsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'malire mwa paki akhala akudandaula za mbewu zowonongeka ndi miyoyo yotayika. Mlonda nayenso musamupange chilombo: ali ndi malipiro ochepa, nsapato zong'ambika, ndipo anzake ena anavulazidwa pantchito. Mbali zonse ziwiri zikhale ndi chifukwa chimene woonera angachimve.

Pa chilankhulo, Chichewa cha ku Malingunde si cha ku Area 18. Pezani munthu mmodzi kapena awiri a kuderako awerenge mawu onse a wootcha makala mokweza musanajambule, ndipo muwalipire monga mulipirira wogwira kamera. Katchulidwe kakumudzi musakagwiritse ntchito poseketsa. Ngati mukufuna kuikamo Gule Wamkulu chifukwa akuoneka bwino pakamera, dzifunseni ngati nkhani ikumufunadi. Ngati ikumufuna, yambani mwakhala pansi ndi mfumu ndi akuluakulu a dambwe, mumve zimene zingajambulidwe ndi zosajambulidwa, ndipo musamuike ngati chinthu choopseza wosochera usiku.

Musanalowe m'nkhalango pezani chilolezo ku Dipatimenti ya Zankhalango, mukaonekerenso kwa mfumu ya dera limene mudzagone. Ootcha makala enieni musawaonetse nkhope kapena malo a mauvuni awo, chifukwa filimu yanu ingasanduke umboni wowamangitsa. Gwiritsani ntchito osewera, ndipo uvuni wapachinsalu muumange ndi nkhuni zogula mwalamulo. Filimu yoonetsedwa kugulu imayenera kudutsa ku bungwe loona za mafilimu pansi pa lamulo la mu 1968 la Censorship and Control of Entertainments Act, ndiye muikiretu nthawi ndi ndalama zake mu bajeti.

Mukamaliza kulumikiza zigawo koyamba, musanaike nyimbo ndi kukonza mitundu, tengani jenereta ndi pulojekita mukaionetse kumudzi kumene munajambula. Mukhale kumbuyo, muone pamene anthu akuseka posayenera kuseka ndi pamene akung'ung'udza, kenako mufunse amayi paokha ndi abambo paokha, popeza pamaso pa mfumu ambiri angokuyamikirani. Siyani masabata awiri kapena atatu m'ndondomeko yanu oti mukonze zimene akuuzeni, ndipo aliyense amene wakulondolerani njira, wakuphunzitsani kumanga uvuni kapena wakukonzerani mawu alembedwe ndi dzina lake lonse pamndandanda wa kumapeto, ngati iye mwini wavomera.